Chidole Chabwino Sichidziwika ndi Mtengo Wake

Mwana wa chaka ndi theka akagwira chipande n'kuyamba kumenya chitini, akulu amangomva phokoso, koma iye amakhala ali pantchito. Amaphunzira kuti dzanja lake lingathe kuchititsa kanthu, ndipo amabwereza kambirimbiri kuti atsimikize. Akamathira mchenga m'chikho n'kuukhuthula, amazindikira kulemera ndi kupepuka, zala zake zikukhwima kukonzekera kudzagwira pensulo.

Komabe makolo ambiri amadziona ngati olephera chifukwa sakwanitsa kugula zidole za m'sitolo. Nkhawa imeneyi ilibe maziko. Cha m'ma 1986, ofufuza ku Kingston m'dziko la Jamaica anayamba kutsatira ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 ochokera m'mabanja osauka. Kwa zaka ziwiri, azaumoyo ankayendera ena mwa mabanjawo sabata iliyonse kukaphunzitsa amayi kusewera ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga pakhomo. Patapita zaka pafupifupi 20, ana amenewa ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sankayenderedwa motero. Chinathandiza anawo si kudula kwa zidole ayi, koma kukhalapo kwa munthu wamkulu wowalankhula, kuwayankha ndi kuwayamikira.

Apa m'pamene foni imaperewera. Imatontholetsa mwana, koma siimuyankha akaloza chinthu. N'chifukwa chake mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe kuonera foni kapena TV, wa zaka ziwiri asamapyole ola limodzi patsiku, ndipo mwana woyenda azithamanga ndi kusewera kwa maola atatu kapena kuposerapo tsiku lililonse.

N'zoona kuti mayi wochokera kumunda kapena kumsika amakhala atatopa. Koma kusewera ndi mwana sikufuna nthawi yapadera. Pochapa, mwana angapatsidwe kansalu kake. Posola chimanga, zitsononkho zimasanduka ng'ombe zoti aziwerenga ndi agogo. Bambo nayenso ali ndi gawo: kugubuduzirana mpira wachikulunga kumaphunzitsa mwana kudikira nthawi yake. Chofunika kusamala ndi tinthu ting'onoting'ono monga mikanda, makobidi ndi timabatire, pakuti mwana wotere amaika chilichonse m'kamwa ndipo angatsamwidwe.

M'mera mpoyamba, akulu anatero. Mwana amene lero akulandidwa chitini n'kupatsidwa foni kuti akhale chete ndi yemweyo amene mawa adzafunsidwe chifukwa chake akuvutika kulankhula ndi kuwerenga m'kalasi.