Maenje a njerwa ndi zigumuka za m'tauni

Ku Bangwe, Chirimba ndi Machinjiri kuli maenje amene oumba njerwa ndi okumba mchenga anangowasiya pululu. Dzinja likafika amadzaza madzi, udzudzu n'kumaswana, ana n'kumasewera m'mphepete mwake. Chonsecho ku Limbe ndi m'tauni nyumba zakale zikagwetsedwa, zigumuka zimasowa kotaya. Bwanji Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre osalozera malole onyamula zigumukazo kumaenjeku kuti akwiriridwe?

Koma chokwirira chikhale miyala, dothi, zidutswa za njerwa ndi konkire basi, zotsenderedwa bwino. Zinyalala za kumsika zipite kumtaya wa ku Mzedi. Zikakwiriridwa m'dzenje zimawola, nthaka imatitimira, madzi a m'zitsime amaipa, ndipo womanga nyumba pamenepo adzaona khoma likung'aluka.