Ziphuphu za kumaso sizithera pa benchi

Andale musathawe, khalani pansi. Ziphuphu zimene ndikukamba lero si zanu zija za m'maenvulopu ayi, koma zotuluka kumaso.

Sabata yatha ndinatsika minibasi pa Kasinje, pamsewu wa Balaka-Salima, kukaona mlongo wanga wogulitsa tomato. Abale inu, ndinatsala pang'ono kumupitirira. Masaya ayera mbuu, khosi lakuda, ziphuphu zachita kumera ngati mapira. Chinkhoswe chake chayandikira, ndiye mayi wina wapamsika anamugulitsa kachubu, ati, "Asisi, sabata imodzi yokha, zipsera zonse zatha."

Nditawerenga kachubuko ndinapeza palembedwa clobetasol. Awa si mafuta odzola, ndi mankhwala amphamvu a matenda ena apakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala. Masiku oyamba nkhope imasalaladi. Kenako khungu limapyapyala, ziphuphu n'kuchuluka kuposa kale. Ukati usiye, nkhope imayabwa ndi kutentha, basi ubwerera kukagula kena. Mafuta ena oyeretsa amakhala ndi hydroquinone, amene ukadzola zaka zambiri amadetsa masaya bii mosabwerera. Nchifukwa chake dziko la South Africa linawaletsa m'mafuta odzola mu 1990.

Tsono tamverani. Zimene timangoti zipsera zili mitundu itatu.

Choyamba ndi madontho akuda otsala chiphuphu chikapola. Amenewa ndiwo amavuta ambiri a ife akhungu lakuda, koma amazilala okha pakapita miyezi, bola ziphuphu zatsopano zileke kutuluka. Dzuwa limawadetsa kwambiri, choncho inu okhala pa benchi tsiku lonse, chipewa kapena ambulera zisakusoweni.

Chachiwiri ndi timaenje. Apa mnofu unawonongeka pansi pa khungu, ndipo palibe mafuta a pamsika angakwirire dzenje. Madokotala a khungu amachepetsako pobaya ndi timasingano kapena ndi makina a leza, koma sikuti timatheratu.

Chachitatu ndi zipsera zotupa, zolimba, zokonda pachibwano, pachifuwa ndi kumsana. Izi amazifewetsa ndi jakisoni kuchipatala. Kutemerapo mphini ndiye kuziputa, zimakula.

Nzeru ndi kuthana ndi ziphuphuzo zisanasiye chipsera. Lekani kufinya. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano zimangowotcha khungu n'kusiya dontho lina. Ku famase kuli benzoyl peroxide wopaka, ndipo zikakula achipatala amatha kupereka mapiritsi a doxycycline, amene mayi woyembekezera sayenera kumwa. Yambirani chipatala chapafupi kapena cha boma ku Ntcheu. Zikakanika, pemphani kalata yopita kwa oona za khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala enieni amatenga masabata 6 mpaka 12 kuti muone kusintha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlongo wangayo ndinamuperekeza kuchipatala, ndipo akumusiyitsa kachubuko pang'onopang'ono. Amalira, ati chinkhoswe chimupeza ndi madontho. Ndinamuuza kuti alamuwo anamufunsira ali nawo kale.

Kwa inu anzanga ogulitsa zodzoladzola, ndikudziwa malonda avuta. Koma musanayale katundu, werengani pachubupo. Mukaona clobetasol, betamethasone kapena hydroquinone, dziwani kuti nkhope imene muwononge ndi ya mnzanu wa benchi yoyandikana, amene mudzaonana naye m'mawa uliwonse.