Kutengera Timatha, Koma Mtengo Sitiwerengera

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munachoka pano kalekale, lero tikambe za mjigo.

Mijigo yambiri yomwe timatungapo kuno ku Chikweo ndi ya mtundu wa Afridev. Kholo lake ndi mjigo wa Maldev womwe unapangidwa m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenako akatswiri anakaukonzanso ku Kenya. Cholinga chinali choti anthu a m'mudzi aziumasula ndi kuukonza okha. Pulani yake si yachinsinsi, aliyense ndi wololedwa kupanga. Komabe zipangizo zake zambiri zimachokera ku India, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makomiti a mijigo analira.

Ndiye tizingopanga tokha? Tisapupulume.

Luso lotengera lilipo. Mpatseni wowotcherera wa pa Ntaja kapena pa Liwonde chitsulo chothyoka cha chigayo, achiyeza, mawa mupeza chinzake. Koma mfunseni mtengo. Awerenga chitsulo ndi ndodo zowotcherera, basi. Mafuta a jenereta magetsi akathima, thiransipoti yokagula chitsulo ku Limbe, mwala wa girayinda womwe ukutha, tsiku lake lonse, zonsezi saziika. Makina akadzapsa, ndalama yogulira ena palibe. Kapena, pofuna kaphindu, agula chitsulo chopyapyala chomwe sichichedwa kuthyoka, ndiye anthu n'kumati zopanga kuno n'zachabechabe.

Kuwerengera kumatiuzanso zoti tisapange. Timphira ta mkati mwa mjigo ndi timapulasitiki ta pa chogwirira ndi tomwe timatha msanga, koma timafuna makina a fakitale, ndipo kupanga tochepa n'kodula kuposa kugula. Ndodo zotsikira m'madzi nazo, mukapanga ndi chitsulo wamba zichita dzimbiri, madzi afiira, amayi abwerera kudambo. Koma nyundo za chigayo, ngolo, makeriya a kabaza? Pamenepo tikhoza kupikisana ndi aliyense, bola masamu akhale oona.

Ife kusukulu tinazilekanitsa zinthuzi. Wa Physics ali uko, wa Business Studies ali uko, amangokumana pa tiyi. Ine ndikuti tibweretse mjigo wakufa m'kalasi. Ana aumasule, ayeze kachipangizo kalikonse, akajambule, kenako alembe mtengo wokagula, wopanga, ndi wongokonza, komanso kuti kakhala nthawi yaitali bwanji. Chotchipa chofuna kusintha katatu pachaka si chotchipa, ndipo mwana wa Fomu 3 angazione yekha pa pepala.

Ndikudziwa ena muti MANEB sifunsa zimenezi. Zoona. Tiyambe ngati kalabu Lachisanu masana. Inu muli ku Blantyre ndi ku Joni, mukamabwera pa Khirisimasi mutitengereko masipanala ndi tepi yoyezera, ngakhale zakale.