Nyali zouluka si lichero la mfiti

Ana anga a ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo, mwakhala mukuonetsana pa foni makanema a tindege tija amati drone, titadzaza kumwamba usiku ngati ziphaniphani, n'kujambula mbalame, mbendera, ngakhale nkhope ya munthu. Anzanga ena okalamba akaona amagwira pakamwa, ati azungu aulutsa lichero anthu akuona. Safunsa anadya phula, choncho tiyeni tifunse.

Mulibe chizimba m'menemo. Kandege kalikonse kali ndi batire, nyali yosintha mitundu, ndi GPS yokadziwitsa pamene kali. Pansi pamakhala munthu ndi kompyuta, ndipo kompyutayo inagawira kale kalikonse malo ake ndi mphindi yake. Pa masewera a Olympics ku PyeongChang mu 2018 anaonetsa tindege 1,218. Ku Tokyo mu 2021 tinalipo 1,824, ndipo tinaumba dziko lapansi pamwamba pa bwalo. Kamodzi pakokha n'kanyali chabe, pajatu mutu umodzi susenza denga. Komanso n'tosalimba: batire silichedwa kutha, ndipo mphepo yoomba paphiri la Ntchisi ikhoza kutibalalitsa.

Chimene chimandiwawa n'choti luso limeneli mumaliona ngati la kutsidya kwa nyanja, chonsecho lili kuseri kwa nyumba. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo tindegeti ku Kasungu, m'malire mwathu momwemu, kuti tizinyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa, komanso kujambula madera osefukira madzi. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, kumene achinyamata aphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege totere. Masamu oimika nyali zikwi kumwamba ndi omwewo ofikitsa mankhwala kuchipatala chakumudzi mlatho utakokoloka. Ine ndikadasankha mankhwala ayambe, zionetsero zibwere pambuyo. Koma mwana amene wakopeka ndi nyalizo musamukalipire. M'gulireni buku la masamu.

Tsono mawu kwa inu okonza zisangalalo. Tsiku lina wina adzafuna kuulutsa nyalizi pa chikondwerero, kaya pa Tumaini ku Dzaleka, kaya pabwalo la pa boma. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma salowa m'mudzi usiku osaodira. Sitinaiwale 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Mantha a usiku sachedwa kusanduka miyala ndi zibonga. Yambani mwakaonana ndi mafumu, lengezani m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo ulutsani kamodzi masana, agogo akagwire ndi manja awo, aone kuti ndi pulasitiki ndi waya. Chilolezo cha oyang'anira za ndege musachiiwale, chifukwa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili pafupi, ndipo anthu aime patali, poti kandege kakagwa sikasankha mutu.