Kavalo akayamba kuluza, ndani anene kuti basi?

Mu Meyi 2011, pa bwalo la Punchestown ku Ireland, Ruby Walsh anakoka zingwe n'kuimitsa kavalo amene anakwera, mpikisano uli mkati. Kavaloyo anali Kauto Star, katswiri pa mipikisano yothamanga uku akudumpha mipanda. Anali atapambana kanayi motsatizana mpikisano wa King George VI Chase, kuyambira 2006 mpaka 2009, komanso Cheltenham Gold Cup kawiri, mu 2007 ndi 2009. Koma tsopano anali ndi zaka 11, ndipo chaka chimenecho zinthu sizinkamuyendera. Mu Januwale anamaliza wachitatu, ndipo mpikisano utatha anamupeza ndi magazi m'mphuno. Mu Malichi, wachitatunso. Maulendo awiri onsewo anapambana Long Run, kavalo wa zaka 6 zokha. Anthu ambiri ku Britain anayamba kunena kuti mkuluyu watopa, apume.

Ndikanakhala mwini wake, ine ndikanamupumitsa. Ndanena izi ndikudziwa bwino zimene zinachitika pambuyo pake, ndipo tizifika. Koma chifukwa changa si kuluzako ayi.

Kuluza katatu ndi umboni wochepa kwambiri. Amene mwachitapo maekisiperimenti mu labu mukudziwa kuti miyezo itatu siikwana kunena motsimikiza za chinthu chimene chimasinthasintha. Kavalo angaluze chifukwa nthaka yafewa ndi mvula, chifukwa ali ndi kachifuwa, chifukwa wakhumudwa pa mpanda umodzi, kapena kungoti wakumana ndi mnzake womuposa. Zotsatira zimangokuuzani kuti chinachake chasintha. Chimene chasinthacho muyenera kukachifufuza m'thupi, ndipo kwa ine nkhani yagona pa magazi a m'mphuno aja.

Thupi la kavalo wothamanga ndi lodabwitsa, anzanga. Mtima wake umalemera makilogalamu 4 kapena 5. Akapuma umagunda ka 30 mpaka 40 pa mphindi, koma akamathamanga ndi mphamvu zonse umapitirira ka 220. Kapamba wake, chiwalo chija chimatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi, amasunga maselo ofiira a magazi ambirimbiri, ndiye liwiro likayamba amafinyika n'kuwathira onse m'mitsempha kuti anyamule okosijeni wochuluka. Magaziwo amakhala olimbirako, ndipo mtima umawakankha mwamphamvu kupita m'mapapo. Apa ndiye pali vuto. Khoma lolekanitsa magazi ndi mpweya m'mapapo ndi lopyapyala zedi, chifukwa likanakhala lochindikala okosijeni sakanadutsa msanga. Mphamvu ya magazi ikakwera kwambiri, timitsempha tina timaphulika. Madokotala a ziweto akalowetsa kapaipi ka kamera m'kholingo mpikisano utangotha, amapeza timagazi mwa akavalo ochuluka, ngakhale ooneka athanzi. Koma ndi ochepa okha amene magaziwo amafika potulukira m'mphuno, ndipo zikatero ndiye kuti atuluka ambiri. Malo ophulikawo amapola ndi chipsera, chipsera sichitanuka ngati mnofu wa mapapo weniweni, ndiye vutoli limakonda kukula kavalo akamakalamba ndi kuthamanga mipikisano yambiri.

Mafupa nawo ali ndi nkhani yawo. Amene munapangapo galimoto ya mawaya mukudziwa kuti waya suthyoka ukapindidwa kamodzi. Mumaupinda, kuuwongola, kuupindanso, mpaka mwadzidzidzi wangoti thyo. Fupa limachita chimodzimodzi. Kavalo wa makilogalamu pafupifupi 500 akamathamanga, pamakhala kamphindi kamene thupi lonse limatsamira pa mwendo umodzi, ndipo zimenezi zimasiya timing'alu tosaoneka ndi maso. Thupi limakonza, inde: pali maselo ogumula fupa lowonongeka ndi ena omanga latsopano. Koma ntchito imeneyi imafuna miyezi, ndipo timing'alu tikamabwera mofulumira kuposa okonzawo, tsiku lina mwendo umathyoka pa liwiro wamba. Akavalo ambiri othyoka mwendo pa mpikisano, akawapima atafa, amapezeka kuti pamalopo panali pofooka kale. Ndipo kwa kavalo kuthyoka mwendo kawirikawiri ndi imfa. Sangagone pabedi miyezi iwiri ngati inu ndi ine, ndipo akamaima ndi miyendo itatu, chiboda cha mwendo wabwino chimayamba kutupa mkati ndi ululu woopsa.

Tsopano zija ndinati tizifika. Paul Nicholls, amene ankamuphunzitsa, ndi Clive Smith, mwini wake, sanamupumitse. Mu Novembala 2011 Kauto Star anapita ku Haydock n'kumusiya Long Run kutali. Pa 26 Disembala, ku Kempton Park, anamugonjetsanso n'kutenga King George kachisanu, zimene kavalo wina aliyense anali asanachitepo. Ndiye mukhoza kundiseka kuti aphiri inu, mukanatimana zonsezi. Ndivomera. Nicholls ankamuona kavaloyo m'mawa uliwonse, mmene akudyera, mmene akuthamangira pokonzekera, ndipo ankadziwa zambiri kuposa ife ongoonera.

Komabe taganizirani chifukwa chake nkhani ya Kauto Star imakambidwa kwambiri. Imakambidwa chifukwa inatha bwino. Pali ina imene imayamba mofanana. Best Mate anapambana Cheltenham Gold Cup katatu motsatizana, 2002, 2003 ndi 2004. Mu 2005 sanathamange nawo chifukwa mtsempha wa magazi unaphulika pokonzekera. Anamupumitsa miyezi ingapo, anaoneka kuti wachira, ndipo pa 1 Novembala 2005 anabwerera pa bwalo la Exeter. Wokwera wake anamuimitsa mpikisano usanathe, kenako kavaloyo anagwa n'kufera pomwepo, akuganiziridwa kuti ndi mtima. Anali ndi zaka 10. Sindikunena kuti omusamala analakwa, kapena kuti magazi aja ndi amene anamupha. Ndikungoti m'mawa wa tsikulo nawonso ankaona kavalo wathanzi. Tikamaphunzira kwa opulumuka okha, timaona ngati ngoziyo ndi yaing'ono kuposa mmene ilili.

Chosankha chabwino ndi zotsatira zabwino ndi zinthu ziwiri. Munthu angawoloke mtsinje wodzaza n'kufika tsidya bwinobwino, koma zimenezo sizitanthauza kuti madziwo anali osaya.

Palinso ndalama, tisanamizane. Frankel, kavalo amene anapambana mipikisano yake yonse 14, anamupumitsa mu 2012 ali ndi zaka 4 basi, ali wamphamvu, chifukwa kubereketsa kunali kopindulitsa kuposa kuthamanga. Kauto Star anali wofulidwa, monga akavalo ambiri odumpha mipanda, choncho akasiya kuthamanga palibenso ndalama imene angabweretse. Sindikuti Smith ankangofuna ndalama. Koma ngati zaka zopumira zikusiyana chonchi pakati pa kavalo wobereka ndi wofulidwa, ndiye kuti si thupi lokha limene likufunsidwa.

N'chifukwa chake ndimati mawu omaliza asakhale a mwini kapena a ochemerera, koma a dokotala wa ziweto amene sadya nawo mphotho. Amuone m'mapapo ndi kamera ija, amvetsere ndi kujambula kagundidwe ka mtima pamene akuthamanga, apime mafupa ndi sikani, chifukwa X-ray wamba timing'alu tina satiwona. Ngati zonse zili bwino ndipo kavalo wangochepa liwiro chifukwa cha zaka, athamange ndi anzake a msinkhu wake, palibe manyazi. Koma ngati wakalamba, watuluka magazi m'mphuno, kenako walephera kumaliza mpikisano, monga Kauto Star mu 2011, ine ndiima ndi opumitsa. Wosewera mpira wa zaka 38 akhoza kumva malangizo a dokotala n'kunena kuti ndamva, koma ndisewerabe, thupi ndi langa. Kavalo sangatero. Chibadwa chake n'kuthamanga anzake akathamanga, ndiponso kubisa ululu, chifukwa kutchire nyama yotsimphina ndi imene zilombo zimayamba kusankha. Tikamati "akufunabe yekha", mwina tikungowerenga chibadwa chimenecho.

Kauto Star anathamanganso kamodzi kokha. Atagwa pokonzekera mu Febuluwale 2012, analowa Gold Cup mu Malichi, ndipo Walsh anamuimitsanso panjira. Mu Okutobala anamupumitsa. Anakhala zaka zosakwana zitatu, akuphunzira masewera ofatsa oyenda motsatira malamulo a wokwera. Mu Juni 2015 anavulala kwambiri ali kubusa kumene ankamusunga, mafupa a m'chiuno ndi m'khosi atathyoka, ndipo madokotala anamubaya jakisoni womugoneka. Anali ndi zaka 15.