Pakhomo Pathu: Mabuku a Maluwa a Rozi

Ambiri mwakhala mukutifunsa za mabuku amene timawerenga pa nkhani ya maluwa a rozi. Onse ndi a Chingerezi, koma mwana wa kusekondale atha kukumasulirani.

Yambani ndi The Rose Expert la D. G. Hessayon. Ndi lopyapyala, ndipo zithunzi zake zimaonetsa podula nthambi komanso matenda a masamba. Lapamtima pathu ndi The Old Shrub Roses la Graham Stuart Thomas, la 1955, chifukwa limafotokoza za rozi wa Damask, uja amapangira mafuta onunkhira. Classic Roses la Peter Beales, la 1985, ndi chibuku chachikulu, bola kubwereka.

Koma chenjerani, olemba onsewa ndi a ku England. Akamati dulirani mu Marichi, kwawo chisanu chimakhala chikutha. Ife tinamvera zimenezo mvula ili mkati, nthambi zinaola, tinataya mitengo itatu. Kuno dulirani mu Julaye. Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, bzalani pamalo pomwe dzuwa la masana silifika, phimbirani ndi udzu patsinde, ndipo thirirani m'mawa, madzi asakhudze masamba.