WOLIPIRA MAYUNITSI AONE MITA

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chilomoni, Kawale, Chinsapo, Mtandire, Area 25, Chibavi, Zolozolo ndi konse kumene uthengawu ufike:

Lero za ku Capital Hill tazisiya kaye. Tikambe za kabokosi kaja kali pakhoma m'nyumba mwa alandilodi, kuseri kwa chitseko chokhoma.

Nkhani yake mukuidziwa. Puloti imodzi, mabanja asanu ndi limodzi, mita imodzi. Pa 1 mwapereka lendi, mwaperekanso ya magetsi. Pa 12 usiku, phi! Mdima. Mukasuzumira pawindo mupeza kwa aneba kukuwala bwinobwino, ndiye kuti vuto ndi la papuloti panu pomwepo. Mamawa mwana wa alandilodi wafika kale pakhomo: "Akuti mayunitsi atha, musonkhenso." Mukangofunsa kuti kodi anagula a zingati, yankho ndi lomwe lija: "Ngati simukufuna samukani, nyumbayi akuifuna ndi ambiri."

Ndiye timangopereka, kwinaku tikung'ung'udza chamumtima. Mlongo wathu amene akukonzekera mayeso a MSCE akuwerengera tochi ya pafoni. Mfana wa barbershop wabweza makasitomala mutu uli theka. Mayi wa mafilizesi katundu yense wasungunuka, mpamba wapita. Onsewa analipira pa 1.

Mfundo yathu ndi imodzi: amene wasonkha ndalama ya mayunitsi ali ndi ufulu woona mita, woona lisiti, ndi wodziwa mmene ndalamayo yagawidwira. Kumsika sitigula nyama itabisidwa mujumbo, wogulitsa n'kumati sikelo ili kuchipinda. Nanga magetsi tikugulirenji chonchi?

TIWERENGE LIMODZI

Ambiri amatipusitsa chifukwa sitidziwa kuti yuniti n'chiyani. Yuniti imodzi ndi mphamvu imene chipangizo cha mawatsi 1,000 chimadya pa ola limodzi. Basi, palibenso matsenga.

Babu ya LED ya mawatsi 10 imafunika kuyaka maola 100 kuti imalize yuniti imodzi. Mukamayatsa maola 5 usiku uliwonse, pamwezi simufika n'komwe pa mayunitsi awiri. Kutchaja foni kumadya pang'ono kuposa pamenepo. Koma hotipuleti ya mawatsi 1,000 ikamayaka ola limodzi lokha patsiku, pamwezi yadya mayunitsi 30. Simbi, ketulo ndi giza zili m'gulu lomwelo la zimbalangondo. Chilichonse chotenthetsa ndicho chimamaliza mayunitsi.

Tsono taganizani. Inu muli ndi mababu awiri, foni ndi kawailesi. Kunyumba yaikulu kuli kuka, filiji yaikulu, giza ndi ketulo yowira kuyambira 5 koloko m'mawa. Pogawana akuti "tonse mofanana", mwinanso nyumba yaikuluyo siwerengedwa n'komwe. Dziwani kuti madzi osamba a alandilodi mukuwatenthetsa ndinu.

Palinso china chimene ambiri sitichidziwa. Pa mitengo ya magetsi a m'nyumba imene MERA imavomereza, mayunitsi 50 oyambirira pamwezi amagulidwa motsikirapo, cholinga chake kuthandiza anthu ogwiritsa ntchito magetsi ochepa ngati ifeyo. Koma mayunitsi 50 amenewa amawerengedwa pa mita, osati pa banja. Mabanja asanu ndi limodzi akanakhala ndi mita yawoyawo, onse pamodzi akanapeza mayunitsi 300 otsika mtengo. Pa mita imodzi akugawana 50 okha, otsalawo akugula pamtengo wokwera. Thandizo limene anakonzera wosauka likumudutsa wosaukayo chifukwa alibe mita. Ngakhale alandilodi anu atakhala achilungamo chotani, mita yogawana ikukudyerani ndalama mwezi ndi mwezi.

Zonsezi zikuchitika pamene Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Lendi inakwera, ufa unakwera, makala anakwera. Malipiro a wachinyamata wa pa kabaza kapena wa mushopu ya mwini mukuwadziwa nokha. Palibe tambala yotaya.

TINENE CHILUNGAMO

Si alandilodi onse amene ali akuba. Ena ndi amayi amasiye, ena ndi madala opuma pantchito amene lendi yathuyo ndiye penshoni yawo. Ndipo nafenso matenanti tili ndi athu ochenjeretsa. Alipo obisa hotipuleti kunsi kwa bedi, n'kumaphika nyemba 1 koloko usiku anzawo atagona. Alipo ozemba tsiku losonkha, koma oyamba kukuwa magetsi akathima. Ameneyo akuberanso mnzake wa khomo loyandikana.

N'chifukwa chake tikufuna zinthu zizichitikira poyera. Mita ikamaonedwa ndi aliyense, landilodi wachilungamo palibe amene angamunene kuti ndi wakuba, ndipo tenanti wa hotipuleti yobisa sachedwa kugwidwa. Amene amadana ndi lisiti ndi amene akudya za eni.

ZIMENE TIKUFUNA KWA ENI NYUMBA

1. Nambala ya mita idziwike kwa aliyense wosonkha. Ilembedwe poonekera.

2. Kabokosi kolowetsera mayunitsi kakhale pamalo amene tonse tingafikepo. Alandilodi akapita kumudzi kumaliro, puloti yonse isagone mumdima masiku atatu ndalama zili m'manja.

3. Mayunitsi akagulidwa pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, pamabwera uthenga wokhala ndi tokeni ya manambala 20 ndi mayunitsi amene agulidwa. Uthenga umenewo utumizidwe kwa onse tsiku lomwelo. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

4. Kagawidwe kazitengera zipangizo zimene zili m'nyumba iliyonse, ndipo nyumba ya alandilodi iwerengedwe nawo.

5. Ya lendi payokha, ya magetsi payokha. Kuthimitsira munthu magetsi amene walipira kale pofuna kumukakamiza lendi, kapena kulanga puloti yonse chifukwa cha munthu mmodzi, kutheretu.

6. Mukati magetsi akwera, tionetseni. Mitengo ikasintha MERA imalengeza poyera. Musakweze kawiri pamene iwo akweza pang'ono.

KWA ESCOM, MERA NDI APHUNGU ATHU

Njira yokhalitsa ndi yakuti khomo lililonse likhale ndi mita yake. Tikupempha ESCOM kuti njira yopezera mita pa puloti ya mabanja ambiri ikhale yapafupi, yachangu, ndi yoti ndalama yake munthu angamalipire pang'onopang'ono. Tikupempha MERA, imene ntchito yake ina ndi kumva madandaulo a ogula, inene momveka pawailesi komanso m'Chichewa ngati mwini nyumba ali ndi chilolezo choika phindu lake pamwamba pa mayunitsi. Aphungu a m'matauni, mavoti anu ambiri amachokera kwa anthu a lendi. Tikufuna lamulo lomveka bwino loteteza tenanti amene wafunsa lisiti kuti asapezeke katundu wake ali panja.

ZIMENE TICHITE IFE SABATA INO

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tisadikire.

Kumanani kaye nokhanokha matenanti a papuloti. Lembani m'kope zipangizo za nyumba iliyonse, osabisa kanthu. Kenako pitani kwa alandilodi nonse pamodzi, mwaulemu, masana, musanamwe. Mmodzi akapita yekha amapatsidwa notisi. Mabanja asanu kuwasamutsa tsiku limodzi n'kutaya lendi ya mwezi wonse, ndipo iwo akudziwa zimenezo.

Tsegulani gulupu ya WhatsApp ya papuloti, alandilodi muwaikemo. Tsiku logula mayunitsi jambulani mita musanalowetse tokeni, mujambulenso mutalowetsa. Kugula kuzikhala kosinthana, mwezi uno uyu, wamawa uyo. Ngati mungakwanitse, sonkhani mugule timamita ting'onoting'ono tija amati sub-meter, katswiri wa magetsi wovomerezeka akuikireni khomo ndi khomo, kuti aliyense azilipira zimene wadya.

Amene mukusaka nyumba, musanapereke dipoziti funsani: mita ili kuti, tikugawana angati, amagula ndani? Zimene mwagwirizana zilembedwe, nonse musaine.

Zikakanika, pitani kwa amfumu a m'dera kapena block leader, kope ndi zithunzi zili m'manja. Umboni umalankhula kuposa kukuwa.

Ndipo tamverani bwino apa: osathyola loko wa mwini, osamenya munthu, osakhudza mawaya, osaitana mfana woti "aidumphitse" mita. Kuba magetsi ndi mlandu, ndipo mawaya olumikiza mwachinyengo amayatsa moto. Mmene nyumba zathu zinathithikanirana, moto ukabuka pa khomo limodzi mdadada wonse wapita, ana ali m'tulo. Tikatero ndiye kuti tawapatsanso alandilodi chifukwa chenicheni chotithamangitsira.

Titumizireni ma voice note a zimene zikuchitika papuloti panu. Nenani dera, chiwerengero cha mabanja ndi ndalama imene mumasonkha pamwezi. Maina a anthu ndi manambala awo musatchule. Tikufuna tikakaima pamaso pa akuluakulu tikakhale ndi nkhani zenizeni zochokera m'makomo mwanu.

Uthengawu utumizeni kwa anzanu onse a lendi. Ngati alandilodi anu ali pa WhatsApp, atumizireninso, awerenge okha.

Mwezi ukubwerawu, musanapereke ya magetsi, funsani kaye: "Bambo, tingaione mita?"

Ndife anzanu a lendi.